Chikhomo Chachinayi

Nsambe,
Neno.
22 Juni 2025

Okondedwa achimwene Kingsley,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Kuno kumapiri tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ngati tinachilakwira. Ana akufika kusukulu milomo ili mbuu, manja ali m'khwapa. Mtengo wa manachesi wa amayi uja wabereka mpaka nthambi kufuna kuthyoka, ndipo ndaika ena m'kathumba kamene a Benedict akupatseni limodzi ndi kalatayi akamabwerera kumeneko Lachitatu. Akawalanda pachipata kapena akadya okha m'njira muwakhululukire, ulendowo ndi wautali.

Mudabwa kuti mlongo wanu wagwira cholembera ngati tili m'masiku akale pamene foni ilipo. Foniyo ndiyo ndikuiopa. Ndikayamba nkhani netiweki imathawa, ndipo ikamabwerera ndimakhala nditasintha kale maganizo, n'kungokuuzani kuti zonse zili bwino. Zonse sizili bwino, achimwene, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhani ndi ya abambo ndi tsiku lija la pa 27 Julaye, limene amalume a Mathews anaika kuti abale akumane adzawasudzule, poti amayi anatisiya mu Febuluwale. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Mwamuna amene anabwera chikamwini, mkazi wake akamwalira, amauzidwa kuti ukwati watha ndipo ali mfulu kubwerera kwawo ngati afuna. Abambo akuti abwerera ku Matope. Ku Matope kumene anachokako zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, kumene kwangotsala mphwawo mmodzi amene sakumudziwa ngakhale mawu ake. Ndipo maso aja atheratu tsopano, amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ndikaganiza za munthu wotere akupapasa zipupa za eni kuchigwa kotentha kuja, chakudya chimandikanika.

Musaganize kuti pali amene akuwathamangitsa. Amalume anabwera kawiri konse, anakhala nawo pakhonde n'kuwauza kuti, "Alamu, mwambo tichita poti ndi mwambo, koma pano ndi panu. Mupita kuti?" Iwo anangoyankha kuti, "Ntchito yanga kuno yatha." Kuyambira mu Malichi chikwama chawo chabuluu chija chakhala chomanga, chili pafupi ndi chitseko. Kulankhula anasiya. Ndikawapatsa moni amayankha, ndikawapatsa madzi amathokoza, basi. Munthu uja ankamveka kuseka ali pamwamba pa denga ife tili kudimba, anangokhala ziii.

Ndisanafike pa pempho langa, mundilole ndikuuzeni za kusukulu, chifukwa nkhani yonse yadzera kumeneko.

Chaka chino ndili ndi Sitandade 6, ana makumi asanu ndi anayi kudza anayi, ine ndekha. Mayeso otsiriza chaka ali pafupi, ndiye tinkabwereza masamu a maonekedwe a zinthu: thirayango, rekitango, sikweya, seko ndi anzawo. Mawuwa ndi achizungu, ndipo ana anga amawaimba bwino zedi ngati nyimbo ya kwaya, koma kuwafunsa kuti akuimbazo n'chiyani amangokuyang'ana. Nditawapatsa mafunso khumi oyeserera, mnyamata wina dzina lake Jimu analemba thirayango pa mafunso onse khumi. Anakhoza awiri, ndipo anapita kwawo akudzitama.

Ndinaona kuti choko pachokha sichindithandiza, ndiye ndinawatulutsa panja kuti tizibwereza mwa masewera. Oyamba anali a ndagi. Wina amaima pakati n'kunena kuti, "Ndili ndi mbali zinayi zofanana, ndine yani?" ndipo gulu loyamba kufuula kuti sikweya limatenga mwala umodzi. Achiwiri anali a mikono. Ndikafuula kuti akyuti, aliyense amapinda mkono kuti ngodya ya pachigongono ikhale yopanikiza. Ndikati obutyusi, amautambasula kuti ikhale yotakasuka. Ndikati rayiti engo, amauimika ngati kona ya chitseko. Wosokoneza amakhala pansi. Mukanaona mmene ankagwera ndi kuseka, ena dala kuti akhale padzuwa. Ngakhale Jimu anayamba kusiyanitsa zinthu.

Masewera achitatu ndiwo anandigwetsa m'mavuto. Ndinawagawa m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse ndi zikhomo zake ndi chingwe chopota ndi neti yakale ya udzudzu. Ndikatchula dzina, amathamanga kukalijambula pansi ndi chingwecho. Thirayango sinavute. Koma nditati rekitango, magulu onse anandipangira zinthu zotsamira uku ndi uku, ngodya zina zopanikiza, zina zotakasuka. Ndinawauza kuti zonse zapotoka. Pamenepo kamtsikana kena kamene sikasunga mawu m'kamwa, dzina lake Tawonga, kanakweza dzanja.

"Madamu, ngati zonse zapotoka, tatiwonetsani inuyo yosapotoka."

Achimwene, ndinagwira njakata. M'buku ndimadziwa kuti ngodya imeneyo ndi madigiri 90, ndipo pabolodi ndimaijambula ndi maso otseka. Koma pansi, pa fumbi, chinthu chotalika mapazi khumi, ndinalibe poyambira. Ndinatenga kope n'kuika kona yake pa chikhomo, ndikugwada, ndikutsinzina diso limodzi. Yanga inapotoka kuposa ya gulu la Jimu. Ana anayesetsa kundilemekeza, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Tsopano ndikuululireni cholakwa changa choyamba. Tsiku lotsatira tinali ndi seko, ndipo zingwe za neti zija zimatamuka, sizikanatha kujambula mzere wozungulira bwino. Ndinakumbukira chingwe cha abambo, chanayiloni chodetsedwa chija chimene ankayezera maziko a nyumba za anthu, chija munkakana kuwanyamulira muli mnyamata. Ndinkadziwa kuti chili m'chikwama chabuluu. M'mawa ali kuseri kwa nyumba kuothera dzuwa, ndinatsegula chikwamacho mwakachetechete n'kuchitenga osapempha. Ndinkati ndibweza masana, sadziwa.

Kusukulu tinakhoma chikhomo pakati, tinakolekapo chingwe, mwana mmodzi n'kumazungulira ndi kamtengo chingwe chili chokoka. Ndinkafuna aone kuti kuchokera pakati kufika m'mphepete mtunda susintha, ndipo mtunda umenewo ndiwo rediyasi. Koma chingwe chija chinali ndi mfundo zambirimbiri. Zinkakola udzu, ndipo ana ankakangana, uyu akuti tigwire pa mfundo iyi, uyo akuti ayi pa iyo. Ine ndi nzeru zanga za ku koleji ndinaganiza kuti ndi mfundo zolumikizira poduka, kapena zongopiringizika chifukwa cha ukalamba. Nthawi yopuma ndinakhala pansi pa mtengo ndi msomali ndi mano anga, n'kuyamba kumasula. Zinalipo khumi ndi zitatu. Ndinamasula khumi ndi imodzi, ziwiri zoyandikana za kunsonga imodzi zinandikana. Seko yathu inatuluka yokongola, ana anawomba m'manja, ine ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee, n'kubwezera chingwe m'chikwama.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzuwa likamapendeka abambo amatsegula chikwama chija n'kumapapasa katundu wawo mmodzimmodzi: jekete, Baibulo limene sangathenso kuwerenga, lezala, chingwe. Ndinali kusankha nyemba pakhonde pamene ndinamva dzina langa likutchulidwa ndi mawu amene ndinali nditawaiwala.

"Clara!"

Ndinalowa n'kugwada.

"Chingwe ichi wagwira ndani?"

"Ndine, bambo. Ndinabwereka kuti ndikaphunzitsire ana."

"Mfundo zili kuti?"

"Zimakola, ndiye ndamasula. Musadandaule, ndimanganso."

"Umanganso ndi muyeso wa yani?"

Anayendetsa chingwecho m'zala kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, kawiri. Kenako anayamba kulankhula, osati kwa ine kwenikweni, nkhope atayang'anitsa kukhoma.

"Nditabwera kuno chikamwini ndinalibe kanthu. Ndinali ndi buluku limodzi ndi chingwe ichi, chimene ndinadula ku ukonde wa bambo anga ku Shire. Agogo ako anandiloza malo kuti, manga apa tikuone ngati uli mwamuna. Tepi yoyezera ndikanaitenga kuti? Ndiye ndinauza Nasibeko, mayi ako, kuti andibwereke mkono. Anali kamtsikana kamanyazi. Ankaika chigongono apa, nsonga ya chala apa, ine n'kumanga mfundo. Mikono khumi ndi iwiri. Kanali koyamba kumugwira dzanja masana anthu akuona. Nyumba zonse ndamanga m'mudzi muno, ino, ya malume ako, tchalitchi chakale chija, zonse zaima pa mkono wa mayi ako."

Achimwene, kodi inu munkazidziwa zimenezi? Ine ndakulira pafupi ndi chingwe chimenecho zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndachiponda, ndayanikapo zovala, osafunsa ngakhale kamodzi. Ndinalira ngati tsiku la maliro, mwinanso kuposa, chifukwa tsiku la maliro sindine ndinalakwa. Ndinapepesa mpaka mawu kutha. Iwo sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangopinda chingwe n'kuchiika pamwendo. Madzi akatayika sawoleka. Tsiku limenelo palibe anadya m'nyumba muno.

M'mawa mwake ndikumanga nsapato kuti ndizipita kuntchito, anandiitananso. Anali pakhonde, chingwe chili m'manja, zala zili pa mfundo ziwiri zija zinandikana.

"Bwera nawo kuno mkono wako."

Ndinagwada pambali pawo. Anagwira chigongono changa n'kuchiika pa mfundo imodzi, anawongola dzanja langa pa chingwe, n'kupapasa kuti apeze pamene chala chapakati chathera. Chinathera pa mfundo inayo, ndendende, osapitirira osaperewera. Anayesanso kachiwiri. Atandigwira choncho, ndinaona misozi ikutsika m'maso osaona aja.

"Anandisiyira muyeso," anatero, "ine osadziwa."

Tinamanga mfundo zonse khumi ndi imodzi m'mawa womwewo, ine kubwereketsa mkono, iwo kumanga. Kusukulu ndinachedwa, ndipo sindinapepese ndi mtima wonse. Tili mkati momanga anandifunsa kuti chingwe ndinkachifuniranji, ndiye ndinawafotokozera za masewera athu, za Tawonga, ndi za rekitango yanga ya kona ya kope. Achimwene, anaseka! Kuseka kwenikweni kuja, mpaka kutsokomola.

"Ndiye ana a eni ake mumawaphunzitsa chiyani kumeneko? Aphunzitsi athunthu kulephera kona? Mawa undigwire dzanja."

Anafika kusukulu atavala jekete la m'chikwama lija. Ndivomere kuti m'njira ndinali ndi mantha kuti ana awaseka. Ndivomerenso china chimene sindinauzepo munthu: ndili ku koleji, anzanga akandifunsa ntchito ya bambo anga ndinkati ndi kontirakita, chifukwa ndinkachita manyazi kunena kuti ndi mmisiri wa kumudzi amene sanapitirire Sitandade 2. Tsiku limenelo ndinaima pamaso pa ana onse n'kunena kuti, "Awa ndi bambo anga, a Laimoni. Chimene chinandikanika ine tsiku lija, awa amachichita osaona."

Anaitanitsa zikhomo zitatu ndi mwala. Anakoleka mfundo yoyamba ndi yomaliza pa chikhomo choyamba. Anawerenga mikono itatu ndi zala, chikhomo chachiwiri. Anawerenga inayi, anakoka chingwe mpaka mbali zonse zitalimba, chikhomo chachitatu. Mikono isanu yotsalayo inabwerera yokha pamene anayambira.

"Itatu, inayi, isanu," anatero. "Pamene pakumana itatu ndi inayi, imeneyo ndiyo kona yeniyeni. Nyumba imaima pamenepo."

Tawonga anathamangira kukatenga kope lake n'kuliika pa chikhomo chapakati. Linalowa ngati anachita kulisokerera.

"Madamu! Ndi rayiti engo!"

"Ndi chiyani?" anafunsa abambo.

"Rayiti engo, agogo. Ndipo chonsechi ndi thirayango."

"Thirayango!" anafuula Jimu kumbuyo, ndipo ulendo uno anakhoza.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Iwo ankawonetsa ndi manja, ana ankawapatsa mayina. Atamaliza kukhoma ngodya zinayi anawafunsa kuti adziwa bwanji ngati nyumba yaima bwino. Anatenga chingwe n'kuchikoka chopingasa kuchokera pa kona ina kufika pa kona yoyang'anana nayo, anatsina ndi chala pamene chathera, n'kukayesa mbali inayo. "Mitanda iwiriyi ikafanana, nyumba yaima. Ikasiyana, yagwa, ngakhale njerwa zisanabwere." Ana anawauza kuti mtanda umenewo ndi dayagonolo, ndipo kuyenda kuzungulira maziko onse ndi perimita. Anayesa kutchula, lilime linakana, ana anagwa ndi kuseka, iwonso anaseka nawo. Kenako anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikumangira anthu marekitango, ine osadziwa. Ndikanawauza, bwenzi akundiopa."

Ndimo munabadwira masewera amene tsopano sukulu yonse ikuwadziwa, otchedwa Yaima Yagwa. Gulu lililonse linapota chingwe chake n'kumanga mfundo pa mkono wa mmodzi wa iwo. Anadabwa kuona kuti mkono ukhale waufupi kapena wautali, kona imatuluka imodzimodzi, bola itatu, inayi, isanu. Ndikaliza wezulo amathamanga kukhoma maziko. Akamaliza, abambo amayenda gulu ndi gulu, mwana mmodzi atawagwira dzanja, ndipo asanayese amafunsa, "Ichi ndikukokachi mumachitcha chiyani paja?" Gulu likalephera kuyankha silimayesedwa n'komwe. Akatero amatsina chingwe, amayesa uku, amayesa uko, amachedwa dala ana mitima ili m'mwamba, kenako amafuula kuti, "Yagwaaa!" ndipo eni nyumbayo amadzigwetsa pa fumbi miyendo m'mwamba. Akati, "Yaima," mumamva phokoso mpaka kuchigayo. Sakondera ndipo sanyengeka. Tawonga anayesa kusuntha chikhomo ndi phazi pamene akuyesa, iwo anangoti, "Iwe wa mawu akuthwa, bweza phazi lako," ndipo mpaka lero ana amakhulupirira kuti amaona pang'ono.

Papita masabata atatu tsopano. Lachiwiri ndi Lachinayi amadzuka ine ndisanadzuke, amameta ndevu okha, n'kumandifulumizitsa kuti tichedwa. Mafunso oyeserera a sabata yatha, Jimu anakhoza asanu ndi atatu. Akudya bwino, ndipo ayambanso kunyoza khitchini yanga kuti amene anandimangira anayezera ndi maso a nkhuku. Koma chikwama chabuluu chikadali pachitseko. Nditawafunsa anati, "Ana alembe kaye mayeso." Mayeso atha sabata imodzi tsiku la kusudzula lisanafike.

Tsopano cholakwa changa chachiwiri, chimene ndakubisirani miyezi itatu. Mukukumbukira mawu aja munanditumizira pa foni mu Malichi? Munati, "Mwambo ndi mwambo, Clara. Ngati akufuna kupita asiye apite, nawenso upume. Sungathe sukulu ndi munthu wosaona pakamodzi." Ndikudziwa kuti munanena pondimvera chisoni, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma ndinawatsegula ndili pakhonde, mokweza, ndikuganiza kuti abambo agona. Zenera linali lotsegula. Ndipo atatha mawu anu, ine ndinapumira m'mwamba n'kunena ndekha kuti, "Zoonadi, ndatopa." Nthawi imeneyo anali asananenepo za Matope. Chikwama chija anachimanga madzulo a tsiku lomwelo.

Ndinatopadi, achimwene, sindinama. Kudwazika amayi miyezi isanu ndi iwiri, maliro, kenako kutsogolera munthu wamkulu kuchimbudzi m'mawa uliwonse ndisanapite kukakumana ndi ana makumi asanu ndi anayi kudza anayi. Koma kutopa si kukana munthu. Ine ndapepesa kale, ndinachita tsiku lomanga mfundo lija, ndipo anandisisita mutu n'kunena kuti wotopa salakwa. Za inu sananene kanthu. Dzina lanu salitchula, koma foni yanga ikalira amasiya chilichonse n'kutchera khutu.

Lero m'mawa, poti dzulo linali Sabata, ndinati ndichape. Ndili pa beseni anandiitana kuti ndiwasemere zikhomo zinayi. Ndinaganiza kuti n'za kusukulu. Nditasema anati ndiwatsogolere kuseri kwa mtengo wa manachesi, pa malo anga aja amayi anandigawira. Anayenda uku ndi uku akuponda nthaka ndi chidendene, anafunsa kumene dzuwa likutulukira, kenako anatulutsa chingwe m'thumba la jekete.

"Nyumba ya mayi ako ndituluka," anatero. "Mwambo sindiuphwanya, andisudzule bwinobwino. Koma ndaganiza kuti mwina mkamwini wakale angathe kupempha kamalo kwa mwana wake. Kachipinda kamodzi. Mikono isanu ndi itatu uku, isanu ndi umodzi uku. Njerwa ana asukulu aja akuti makolo awo atithandiza kuumba."

Ndinangogwira chikhomo kuti akhome. Amalume a Mathews anatipeza tili pa chachiwiri, ndipo atamva nkhani anavula chipewa n'kugwira nawo chingwe. Itatu, inayi, isanu. Tinakhoma chachitatu. Nditawapatsa chachinayi anachigwira, anachipapasa nsonga, koma sanawerame.

"Ichi ayi."

"Bwanji, alamu?" anafunsa amalume. "Ine ndinalola kalekale."

"Inu munalola, zikomo. Koma bwalo ili ndi la Clara, ndipo mwini mbumba wa Clara ndi mlongo wake, Kingsley. Malo ano si anga. Ndinabwera ndi chingwe chokha. Chomaliza akhome iyeyo ndi dzanja lake, ngati akufuna. Ngati sakufuna, zitatuzi muzule, sizivuta kuzula."

Ndiye pempho langa ndi limenelo, achimwene. Sindikupempha malata kapena simenti. Ndikudziwa kuti kuchoka kumeneko n'kovuta, kuti abwana anu sapereka masiku mwachisawawa, ndiponso kuti pa maliro a amayi munafika titaika kale, zimene zimakupwetekani mpaka lero ngakhale simunena. Ulendo uno musafike titamaliza. Bwerani lisanafike tsiku la 27. Mukawaimbira foni kuti mwalola adzakuthokozani mwaulemu, ndipo adzakwerabe galimoto ya ku Matope, ndimawadziwa. Mawu a pa foni ndiwo anawamangitsa chikwama, ndipo sindikhulupirira kuti mawu a pa foni angachimasule.

Masana ano Tawonga anadutsa pano akuchokera kuchigayo ndi mayi ake. Anaima n'kuyang'ana zikhomo zitatu zija ndi chingwe chake, n'kufunsa kuti, "Agogo, imeneyi yaima kapena yagwa?" Abambo anati, "Sitinayese, mwana wanga. Sinakwane." Iye anati, "Eetu, zikhomo zitatu ndi thirayango chabe. Munthu sangagonemo." Mayi ake anamukoka khutu, koma mwanayo sananame.

Mundiperekere moni kwa alamu a Christabel, muwauze kuti chitenje chija anatumiza ndimavala pa Sabata. Moni kwa Madalitso ndi kamng'ono kake kamene sitinakaone. Mukabwera nako, agogo ake akufuna akayese mkono. Amalume akupereka moni. Mwana wanga Tiwonge akuti musaiwale kuti munamulonjeza nsapato za mpira, koma ine ndikuti zimenezo zingadikire.

Ndisanatseke ndapita kukawafunsa abambo ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Ndawapeza atakhala pafupi ndi chitseko. Chingwe mulibenso m'chikwama, chili panja pa maziko, koma chikhomo chachinayi achiika pamwamba pa chikwamacho, ndipo dzanja lawo lili pa zonse ziwiri. Nditawafunsa anati, "Umuuze Kingsley kuti asavutike kunyamula hamala. Mwala ulipo. Angobwera ndi dzanja."

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene akuyang'ana kumsewu,

Clara